Tsiku lomwe kalongonda anandikhazika pansi

Mpaka lero ku Nazombe kuli ana amene akangondiona amayamba kuyenda dzandidzandi, kwinaku akufa ndi phwete. Sindiwakalipira. Ndimanyadira kumene, ngakhale tsikulo ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Ine Ulomwe wanga ndi wa dzina basi. Ndinakulira ku Ndirande, ndipo Chilomwe changa chimathera pa moni. Koma kusukulu ya ukachenjede, komwe ndinkaphunzira za mabuku, ndinkalankhula mpaka thovu kukamwa kuti mabuku a ana amangokamba za ana a m'tauni odya buledi wopaka majarini, pomwe mwana wa ku Phalombe sadzipezamo. Ndiye ndinalemba kabuku kanga, ka mtsikana wotchedwa Esinati amene amaphikira mlongo wake kalongonda, nyemba zikuluzikulu zija Alomwe timanyadira nazo. (Ndati "timanyadira", koma ndinali ndisanaphikepo n'kamodzi komwe.)

Nditapita nako kusukulu ina ya kwathu ku Nazombe, ahedi ake, a Makwinja, sanandibisire.

"Achimwene, ana athu a Sitandade 3 m'kalasi salankhula. Mukawawerengera n'kungokuyang'anani, kabukuko mubwerera nako. Akalankhula, tikalandira."

Ndinafikira kwa azakhali anga. M'mawa wa tsikulo iwo atalawirira kumunda, ndinaganiza zolawa chakudya cha m'buku langa kuti ndikawerenge ndi mtima wonse. Ndinatapa kalongonda wouma m'thumba n'kuphika ndendende monga ndinalembera: kuthira madzi, kuwiritsa pang'ono, kuthira mchere, kuphula. Anali wolimba ndithu, koma ndinati mwina ndi mmene chikhalidwe chimakomera. Ndinamaliza mbale yonse.

Zinayambira pa kabaza popita kusukuluko. Ndinangoona phiri la Michesi likupendama.

"Bwana, khalani bwinotu, mundigwetsa," anatero wakabaza.

M'kalasi ndinapeza zomwe ahedi ananena zija. Ana anali phee, maso onse pa ine. Ndinayamba kuwerenga, mawu okweza bwino, koma zilembo zinayamba kuyenda ngati nyerere. Thukuta linali kamukamu, mseru nawo uli apa. Nditafika pa tsamba lomwe Esinati akuphika, miyendo inandikana. Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni, tayi ali pa phewa.

Ahedi anawerama n'kundinunkhiza kukamwa. Apo ndinadziwa kuti kabuku kanga kafa, ndipo mbiri yanga yafera limodzi.

"Achimwene, m'mawa uno? Pamaso pa ana?"

"Sindinamwe, ahedi. Ndangodya kalongonda."

"Wakuphikirani ndani?"

"Ndekha. Monga zilili m'bukumu."

Pofuna kudziyeretsa, ndinawerenga tsambalo ndili pansi pomwepo. Ndisanamalize, mtsikana wina kumbuyo anakuwa.

"Iii! Sanataye madzi!"

Kalasi yonse inaphulika. Uyu akuti kalongonda amasenda makoko kaye. Uyo akuti amayi ake amateleka m'mawa, kuphula dzuwa litapendeka, madzi akungotaya n'kuthira ena. Wina anaimirira n'kusonyeza mmene amalume ake anayendera atadya wosapsa, ndipo anzake anati ayi, mlendoyu wawaposa. Chichewa chitawachepera anapitiriza m'Chilomwe, aphunzitsi awo osawaletsa.

Koma mtsikana uja sanaseke. Anabwera kutsogolo, nkhope ili gwa, n'kuloza chithunzi cha Esinati.

"Esinati ndi wa konkuno, sangaphike chonchi. Akanamudwalitsa mlongo wake. Inuyo mwamunamizira."

Abale, mutu unali kuzungulira, koma mtima unadumpha ndi chimwemwe. Mwana amene ndinamupeka ndili pa desiki ku tauni anali atapeza abale omuteteza. Misozi inalengeza. (Ahedi amati inali ya mseru. Asiyeni.)

"Nanga tipange bwanji?" ndinafunsa.

"Tikonze!" anayankha onse.

Anakonzadi. Aphunzitsi ankalemba pa bolodi, ana akukangana liwu ndi liwu, ine ndikuvomereza zonse chitsamire khoma. Ahedi anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Chibwerereni pasukulu pano sindinamvepo phokoso lotere," anatero. "Kabukuko tikalandira, achimwene. Koma inuyo pitani kuseri kaye, nkhope yanu sikuoneka bwino."

Zomwe zinachitika kuseriko sindilemba. Azakhali atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anandiphikira kalongonda weniweni mawa lake. Ndi wofewa, anthu inu, ndipo amakoma.

Kabukuko kanasindikizidwanso, ndipo tsamba lophika lija lili m'mawu a anawo, ena a Chichewa ena a Chilomwe. Ndi tsamba lomwe lathaitha kwambiri ndi zala pasukulupo. Ndinaphunzirapo kuti ndizifunsa eniake ndisanalembe, ndipo ndinalumbira kutero. Komabe posachedwapa ndinauza azakhali kuti Esinati tsopano ndikufuna akonze chinangwa chowawa, ndipo ndayamba kale kulemba. Iwo anangodzuka n'kukakhoma khitchini, kiyi n'kumanga pa chitenje.