Mawu a Bambo Yotamu ku Zanzibar

Usiku wapitawu Anambewe a ku Kawale analota ali ku Zanzibar, chilumba chimene anapitako kamodzi kokha ndi malemu amuna awo, Bambo Yotamu, masiku amene ankaoda zitenje ku Tanzania. Chimwalirireni bambowo, nkhope yawo ankaikumbukira bwinobwino, koma mawu awo anali atawathawa m'mutu, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima.

Kumalotoko anatsika sitima yapamadzi atavala patapata wawo wakale wobiriwira, ndiye patapata wakumanzere anati, "Mayi, mwanenepatu." Wakumanja n'kumudzudzula, "Takhala chete iwe, tabwera kudzafuna bambo." Ndiye awiriwo anayamba kuyenda okha, Anambewe n'kumangotsatira.

Padoko panali bwana woona mapasipoti atavala yunifomu yoyera mbee.

"Mwadzatani kuno, mayi?"

"Ndadzafuna mawu a amuna anga, bwana."

Bwanayo anakweza chidindo, mwadzidzidzi dzanja lake linasanduka mphanda, yunifomu n'kuuma kukhala chigoba, ndiye anali nkhanu, n'kuthawa cham'mbali ndi pasipoti yawo mpaka kulowa kuuna.

Ndiye anangopezeka ali pahotela ija anafikirapo ndi amuna awo, yofolera ndi masamba a kokonati, azungu atagona pamchenga ngati chinangwa choyanika. Mpando wina wansalu unawakodola.

"Khalani pano, mayi. Ndine uja ndinapindika n'kuwagwetsa amuna anu chagada, inu n'kuseka mpaka kutsamwa ndi madzi a kokonati."

Anambewe anaseka ngati tsiku lomwelo. "Ndakukumbuka! Nanga iwo atagwa anati chiyani?"

Mpandowo unayasamula kuti uyankhe, koma munangotuluka mchenga.

Mwadzidzidzi mchengawo unamera mitengo, ndiye anali m'munda wa zokometsera zakudya. Bambo woperekeza alendo anasenda khungwa la sinamoni n'kuwanunkhitsa, ndiye anakumbukira tiyi amene ankamwa awiri ndi amuna awo pakapu imodzi m'tinjira topanikizika ta m'tauni yakale ija, atasochera koma osafuna kufunsa njira. Bamboyo anamera mchira, msana wake n'kufiira, ndiye anali pusi ali pamwamba pa mtengo.

"Kuno timasunga fungo lokha," anatero pusiyo akutafuna tsamba. "Za mawu kafunseni kwa akamba."

Ndiye ngalawa yathanga inawanyamula yopanda woyendetsa, ikuyimba nyimbo ya kwaya ya ku tchalitchi kwawo, mpaka pakachilumba ka akamba akuluakulu ngati mitondo. Mkulu wawo anali atavala magalasi ndi tayi.

"Ine ndimayang'anira zotayika," anatero, n'kutsegula chigoba chake ngati sutikesi. Munali zipewa, mano oikirira, mphete, ndi kuseka kwa ana kotsekeredwa m'mabotolo. "Mawu a bambo wamfupi wadazi? Amenewo anatengedwa ndi nyanja. Dikirani madzi aphwe."

Mwadzidzidzi nyanja inadzipinda ngati mphasa n'kupita kutali, kusiya mchenga woyera, amayi akutola ndere m'madengu. Patsidya pa amayiwo panaima bambo atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato atazikoleka m'khosi. Anambewe anathamanga, miyendo ikulemera ngati ya mwini, kuopa kuti madzi abwerera asanafike.

Bamboyo anatembenuka. Anali a Yotamu, dazi lawo likunyezimira padzuwa.

"Anambewe, tabwerani mudzaone. Nyanja yapita kukadya nkhomaliro."

Anali mawu omwe aja, osasa pang'ono, okhala ndi kamluzu kotulukira pamene panaguluka dzino. Anambewe anaima chilili, misozi ili chuchuchu.

"Nenaninso, bambo a Tiyamike."

"Mukulira chiyani? Madziwa ndi amchere kale."

"Mwana wathu Tiyamike wabereka mwana wamwamuna."

"Ndamuona. Makutu akuluwo ndi anga, mukampepesere."

Ndiye anaseka awiriwo atagwirana manja, madzi n'kuyamba kubwerera, kufika m'akakolo, kufika m'mawondo, akuwomba, akutsokomola, akulavula.

Anambewe anatsegula maso. Unali mpopi wapanja ukutsokomola, madzi akugwera m'ndowa yachitsulo, ndipo mayi woyandikana nawo nyumba ankakuwa kuseri kwa mpanda, "Anambewe, madzi abwera!"

Iwo sanadzuke. Anatsekanso maso n'kumanong'ona mosasa, ndi kamluzu komwe, kuti nyanja yapita kukadya nkhomaliro, uku ndowa ikusefukira pabwalo.