Kwa Amene Anabisa Khomo la Shopu Yathu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Liwiro la Mphezi, akatswiri a mawebusayiti.

Wolemekezeka Bwana,

Ndimakumbukira m'mawa wina, zaka makumi anayi zapitazo, bambo anga ataima pakati pa msewu, manja kumbuyo, akuyang'ana mmisiri wolemba zikwangwani ali pamakwerero pamwamba pa chitseko cha shopu yathu. Mmisiriyo ankafuna kujambulapo maluwa. Bambo anati, “Amisiri, maluwawo mukadzale kwanu. Lembani zoti munthu ali pa njinga awerenge asanapitirire.” Analemba mawu anayi okha: TIMAKONZA MAKINA OSOKERA. LOWANI. Penti yofiira inadontha pang'ono pansi pa L, ndipo dontholo lilipobe.

Bambo anatisiya kalekale. Shopu ili m'manja mwa achimwene anga, munthu wodziwa nthenda ya makina pongomva kulira kwake. Chaka chatha msewu waukulu anaupatutsa, anthu anasiya kudutsa pakhomo, ndipo ndine ndinawanyengerera kuti mutipangire webusayiti. Mlandu umenewo ndi wanga. Zotsalazi ndi zothokoza zokhazokha.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kudekha. Munthu akatsegula tsamba lathu pa foni amayamba waonera kagudumu kakuzungulira. Alamu anga amateleka madzi, kuthira masamba, kumwa tiyi, kutsuka kapu, kagudumu kali zunguliru. Kenako pamabwera kanema wa mitambo ndi nyimbo imene palibe anaipempha. Telala wina anatsegula ali pa mzere kuchipatala, odwala onse anatembenuka.

Chachiwiri, zikomo potipatsa abale atsopano. Pa tsamba loyamba pali anthu anayi ovala masuti, mano mbee, akugwirana chanza mu ofesi yagalasi. Sitikuwadziwa, koma akuoneka kuti zinthu zikuwayendera. Achimwene, amene zala zawo zinada ndi oilo, munati sakugwirizana ndi maonekedwe a tsamba. Makina osokera nawonso sanagwirizane nawo, chifukwa palibe ngakhale amodzi. M'malo mwake munalemba kuti ndife “otsogola pa mayankho amakono a mawa”. Ndawerenga mawuwa kakhumi. Ndine wobadwira m'shopu imeneyi, koma nanenso sindikudziwanso chimene timachita.

Chachitatu, pamene panayenera kukhala mbiri ya shopu munasiya ndime ya chinenero chachilendo. Wansembe wina wopuma, amene tinamukonzera makina a mlongo wake, akuti chikufanana ndi Chilatini koma chopanda mutu. Bambo sanapite patali ndi sukulu. Akanadziwa kuti mbiri yawo idzalembedwa m'Chilatini, akanayenda monyada.

Chachinayi, nambala ya foni. Ilipo, sindikunamizirani. Munthu atsike mpaka pansi penipeni, adine kabatani kochepa ngati diso la singano, atseke kabokosi komufunsa ngati akufuna nkhani zathu za mwezi ndi mwezi, ndiye aiona: zilembo zotuwa pa malo otuwa. Akaimba, foniyo ndi imene inagwera m'ndowa zaka zitatu zapitazo. Nthawi yotsegulira simunalembe, kuti makasitomala azibwera mwachikhulupiriro. Mapu nawo amawatsogolera bwinobwino mpaka kwa okhoma mabokosi a maliro, misewu iwiri kuchokera kwathu. Eni ake ndi anthu aulemu. Akaona mayi atasenza makina pamutu amangoti, “Pepani mayi, kuno timayeza anthu, bwererani mukhotere kumanzere.”

Tsopano, Bwana, ndiloleni ndichotse chipewa, pakuti chachisanu sichindiseketsa. Munaikapo fomu yoti anthu azitilembera. Ikadzazidwa imayankha kuti, “Zikomo, tikuyankhani posachedwa.” Miyezi isanu ndi itatu sitinalandire uthenga ngakhale umodzi. Achimwene anangoti dziko lasiya kusoka. Ayamba kukulunga zida za bambo m'nsalu, ndipo anena kuti mwezi ukatha atsitsa chikwangwani.

Sabata yatha alamu anakhala mpando umodzi m'basi ndi mayi woyang'anira sukulu yophunzitsa kusoka. Mayiyo atamva za shopu yathu anakwinya nkhope: “Kani ndinu aja osayankha?” Analemba katatu. Ali ndi makina makumi awiri ndi asanu ndi amodzi ongokhala. Titafufuza, tinapeza kuti mauthenga ake, pamodzi ndi a ena amene sitidzawadziwa, akugona m'bokosi la imelo limene kampani yanu inatsegula m'dzina lathu osatiuza. Mawu achinsinsi otsegulira bokosilo muli nawo inu. Nditawauza achimwene, anafunsa chinthu chimodzi chokha: “Ndiye kuti anthu amaganiza kuti ndine wamwano?”

Ndinakulemberani kasanu kudzera pa fomu ya webusayiti yanu. Inandithokoza kasanu.

Pempho langa ndi laling'ono, ngati la munthu wosadziwa zamakono. Tipatseni kiyi ya bokosi lathu. Alendo a masuti aja abwerere kwawo, mitambo ibwerere kumwamba. Pamwamba pa tsamba lembani mawu anayi a bambo, pansi pake nambala yoyankhidwa, nthawi yotsegulira, ndi chithunzi cha chitseko chathu, dontho la penti lilipo.

Pomaliza, ndili ndi nkhani yabwino. Dzulo mlembi wanu anaimba kuti mwavomera kudzationa kushopu Lachinayi, nthawi ya teni koloko m'mawa. Achimwene amasula nsalu ija ndipo apukuta mpando wa bambo kuti mudzakhalepo. Mlembiyo anapempha kuti ndimulongosolere njira. Ndinamuuza kuti asavutike, zonse zili pa webusayiti imene munatipangira. Gwiritsani ntchito foni yanu, Bwana, ndipo munyamuke molawirira. Mukafika kwa okhoma mabokosi mudzawapatse moni wathu. Tawapempha kale kuti asakuyezeni.

Ine wanu wodzichepetsa, wodikirabe kagudumu,
Mng'ono wa wokonza makina osokera.