Malegeni pa Waya wa Tisa

Kuno ku Mtendere masiku ano akunditchula kuti "ba Injiniya". Musaganize kuti ndi ulemu. Ndikamva dzinali ndimawerama ngati ndikufunafuna singano.

Paunyamata wanga ndinagwira ntchito kumafakitale, yokoka mawaya a magetsi (kunena zoona ndinkagwirira makwerero anzanga akukoka, koma izi zithere pompano). Ndiye mwana wanga Tisa ataitanitsa intaneti ya faiba, ndinadzisankha ndekha kukhala kapitawo. Kunabwera mayi wovala ovolosi, dzina lake Bwalya, nakhoma kabokosi pabalaza. Pansi pake anasiya kawaya kachikasu katazungulizidwa ngati nkhata yaikulu.

"Ba shikulu, aka musakapinde," anatero, akunditchula agogo m'chiyankhulo cha kwawo. "Mukati muli galasi."

Ndinaseka. Galasi m'waya? Ana a lero ulesi amaupatsa dzina lokongola.

Nkhata ija inandisowetsa tulo. Kenaka linafika tsiku loti Tisa afunsidwe mafunso a ntchito yaunamwino kudzera pakompyuta, mabwana ali kutali akumuona pakanema. Mwanayu anali atakhala nthawi yaitali pakhomo, pepala la sukulu yaunamwino lili m'sutikesi. Anakolopa pabalaza, nasita bulauzi yoyera, napita kukasamba. Ine ndinati mabwana asaone uve kumbuyo kwa mwana wanga. Ndinapinda kawaya kaja ngati chingwe choyanikapo zovala, ndinatenga malegeni, timizere ta chubu timene timamangira katundu panjinga, ndi kumanga ndi mphamvu zanga zonse. Panaoneka bwino, ndisaname.

Kagetsi kobiriwira ka pabokosi kanasanduka kofiira.

Munthu wanzeru akanaitana mwini wake. Ine ndinatenga pulayala. Ndinadula pamene panapindika, ndinasenda ndi mano (otsalawo), kuti ndipote mkuwa ndi mkuwa monga kale. Mkuwa munalibe. Munali kanthu ngati tsitsi la mzungu. Kupota, thyo. Kusendanso, thyo. Kachidutswa kena kanalowa m'chala, osaoneka, koma kubaya ngati munga. Ndinazula mutu wa waya pabokosi, ndinasuzumiramo ndi diso limodzi kuti ndione ngati moto ukubwera, ndinaupaka malovu, ndinaupukuta ndi shati. Pomaliza ndinakulunga zonse ndi tepi, ndinakhala pampando nyuzipepala ili kumaso.

"Adadi, mwagwira chani?"

"Palibe. Kapena malaiti yayenda."

"Malaiti yaliko, Adadi. Nanga aya malegeni yabwera yeka?"

Tisa anaimbira Bwalya, ndipo yankho linali loti abwera mawa. Anayesa intaneti ya pafoni, koma m'nyumba mwathu netiweki imafuna ukwere padenga. Sanandikalipire. Anangokhala pansi ndi bulauzi yake yoyera, misozi ikugwera pakolala. Bola akanandiponyera mbale.

Amake ndi amene anayankhula. "Atate ake Tisa, nyamukani. Kwa ba Mulenga kuli faiba."

Ba Mulenga ndi oyandikana nawo nyumba. Tinali titasiya kupatsana moni chifukwa ndinauza anthu pansolo kuti bamboyu sadziwa ngakhale kusintha babu. Ndinapita chipewa chili m'manja.

"Bashi Tisa, mwasoba njila?" anatero ali pampando, osasuntha.

"Ba Mulenga, mwana ali na mafunso ya nchito. Waya wathu wadwala."

"Wadwala weka?"

"Ninaugwilako pang'ono."

"Imwe ba Injiniya? Mufuna waya wa munthu wamene saziba babu?" Anaitana akazi awo kuti adzamve, ndipo anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Atakhuta, anati, "Mwana alibe mulandu. Abwele."

Tisa anayankha mafunso ake pabalaza pa ba Mulenga. Ine ntchito yanga inali panja, kuthamangitsa nkhuku kuti zisalire pawindo.

M'mawa mwake Bwalya anamasula tepi yanga. Anatola tizidutswa ta galasi ndi tepi yomata kuti tisabaye munthu, analumikiza waya ndi kamakina kake, napukuta mutu uja ndi kansalu kapadera. Kenaka anandizula kaminga kaja m'chala.

"Munayanganamo mukati?"

"Pang'ono chabe."

"Kuwala kwake sikuoneka, ba shikulu, koma kumaocha diso. Muli na mwayi munali mutaudula kale."

Ndiye kuti chimene chinapulumutsa diso langa ndi uchitsiru wanga woyamba.

Ntchito ija Tisa anaipeza. Ba Mulenga amauza aliyense pansolo kuti namwinoyu anadutsa m'waya wawo, ndipo ine ndimavomereza ndi mutu, chifukwa ndi zoona. Nkhata ija Bwalya anaibwezera, yaikulu kuposa kale. Amake Tisa anakankhirapo kabati ya mbale, ndipo ndikangoyandikira amatsokomola.

Ndaphunzira kuti galasi silipindika. Komabe nkhata imeneyo siikhala bwino, abale, ndipo malegeni ena ndikali nawo m'thumba la jekete.