Malaputopu atatu ndi bakapu yanga

Lolemba

Tsiku lalikulu. Alangizi athu onse atatu afika ku ofesi kuno pa boma la Rumphi, aliyense ndi laputopu yake: a Mhango a ku Thazima, a Msiska a ku Chiweta, ndi mayi NyaGondwe a ku Nchenachena.

Chaka chatha laputopu ina inabedwa m'minibasi, ndipo mayina onse a alimi athu a khofi anapitira limodzi. Tinalemberanso pachiyambi, mudzi ndi mudzi, anthu akutitukwana. Bwana andikumbutsa m'mawa uno: «Sindikufuna kumvanso kuti fayilo yasowa. Tinakulembani ntchito kuti zoterezi zisamachitike.»

Ndiye ndakonza bakapu. Nzosavuta:
laputopu iliyonse ili ndi foda imodzi yotchedwa NTCHITO;
zofunika zonse aziika mmenemo;
tsiku lililonse 12 koloko masana, pulogalamu izitumiza yokha kope lake ku seva ya mu ofesi muno;
iwo angolumikiza intaneti ya pafoni, basi.

Ndafotokoza katatu. Onse avomera ndi mutu. A Msiska akuti: «Yewo chomene, a Kompyuta.» Zaka ziwiri ndili kuno, dzina langa sakulidziwabe.

Lolemba likubwerali lole ikukasiya mbande za khofi ku Nchenachena, ndipo olandira ndi okhawo amene ali pa mndandanda wa mayi NyaGondwe. Mndandandawo tsopano ndi wotetezeka. Ndadzigulira Fanta.

Lachiwiri

12 koloko. Ndakhala patsogolo pa seva ngati munthu wodikira basi. Palibe. 1 koloko, palibe. Ndayamba kuimba mafoni.

A Mhango: kwawo netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, chakufupi ndi geti ya paki ya nyama zakutchire. Akuti dzulo padutsa njovu, ndipo iwo ali ndi ana asanu. «Mubwere mudzaimepo nokha ndi laputopuyo.»

A Msiska: pa sikirini panatuluka uthenga wopempha chilolezo, iwo anakana. Chifukwa? «Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti chinthu chachilendo chikatuluka tizikana? Ndimayesa vairasi.» Pa zonse zimene ndinawaphunzitsa, agwira chimenechi chokha!

Mayi NyaGondwe: foni yozima. Kwachita mitambo, sola siikutchaja.

Lachitatu

Zafika! A Msiska apereka chilolezo, zochokera ku Chiweta zikulowa! Ndaitana ngakhale mlonda kuti adzaone.

Kenako ndatsegula. Muli:
vidiyo ya ukwati wa mlamu wawo, yonse, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani;
kwaya ya amayi, nyimbo khumi ndi ziwiri;
zithunzi za usipa uli pathandala;
chithunzi cha mbuzi.

Lipoti la ntchito mulibe ngakhale limodzi. Akuti: «Munati zofunika zonse.» Bandulo yawo ya mwezi wathunthu yathera pa ukwatiwo, ndipo akufunsa ngati vidiyoyo yafika bwino, poti mlamu wawo akuda nkhawa.

3 koloko magetsi azima. Seva yazima nawo. Bwana adutsa pakhomo: «Zikuyenda?» Ndati zikuyenda. Ndanama ndili chiimire, mumdima, ndi chithunzi cha mbuzi m'mutu.

Lachinayi

Ndanyamuka pa njinga yamoto kupita ku Nchenachena. Matope. Ndagwa kawiri, kachiwiriko pamaso pa ana asukulu, ndipo aombera m'manja.

Mayi NyaGondwe andilandira ndi tiyi ndi nthochi zophika. Munthu wabwino, wachikulire, mkulu wa mpingo. Ndatsegula foda ya NTCHITO. Mulibe kanthu! Mafayilo onse ali panja, mbwee pa sikirini: mayina omaliza, mayina omaliza enieni, mayina omaliza atsopano, awa ndiye omaliza.

Ndafunsa chifukwa chake. Akuti: «Mwana wanga, zikapita ku Rumphi, ine kuno nditsala ndi chiyani?» Ndawalongosolera kuti chimene chimapita ndi kope chabe. Andiyang'ana ngati ndikuwagulitsa mankhwala a mumsika.

Ndasamutsira zonse mu foda. Netiweki kulibe, ndiye sizingapite lero. Iwo akuti imagwira bwino kumtunda, kuseri kwa tchalitchi, mawa akwera.

Pochoka andifunsa: «Bwanji osangokopera pa fulashi, poti mwabwera kale?» Fulashi ndinali nayo m'thumba la jekete. Ndayankha kuti zimenezo nzachikale, pulogalamu ichita yokha mawa. Ndalankhula monyada, matope ali mpaka m'khutu.

Lachisanu

Sindikufuna kulemba, koma ndilemba.

Mayi NyaGondwe achita zonse zimene ndinawauza. Atchaja laputopu kusukulu, aikulunga m'chitenje, akwera phiri nthawi isanakwane. Pulogalamu yayamba. Mvula yayambanso. Pothawira pakhonde la tchalitchi aterereka, laputopu yagwera mu ngalande ya madzi. Iwo asupuka bondo.

Andiimbira akulira, koma sakulilira bondo. «Pepani chomene, ndakuonongerani bakapu yanu.» Iwo kupepesa ine!

Ndathamangira ku seva. Kuchokera ku Nchenachena kwafika foda ya NTCHITO. Dzina lokha. M'kati mwake mulibe ngakhale fayilo imodzi.

Zimene zili zotetezeka mpaka pano: ukwati wa mlamu wa a Msiska.
Zimene zasowa: mayina a alimi onse olandira mbande Lolemba.

Fulashi ikadali m'jekete. Ndaitulutsa, ndaiyang'ana, ndaibwezera.

Loweruka

Laputopu yafika ndi wa kabaza, ili m'thumba la mpunga. Wina wauza mayi NyaGondwe kuti mpunga umayamwa madzi. Ndamasula. Madzi, matope, ndi mpunga. Ndayesa disiki pa kompyuta ina, ikungolira tiki tiki tiki. Yafa.

Ndapita kunyumba kwa bwana kukawauza. Ndawapeza akutsuka galimoto. Sanakalipe, chimene chili choipa kwambiri. Angofunsa: «Ndiye Lachinayi munakatani ku Nchenachena?» Ndayang'ana matayala.

Tili pomwepo foni yawo yalira. Mayi NyaGondwe. Bwana aika pa sipika. Akuti ngati vuto ndi mayina, iwo amayamba kulemba m'makope achikuto cholimba asanalowetse mu kompyuta. Makope anayi, ali m'sutikesi pansi pa bedi. «Sindinanene chifukwa ndimaopa kuti a Kompyuta akhumudwa.»

Bwana aseka mpaka kusiya payipi ikutayira madzi. «Mwamva? Bakapu ndi imeneyotu!»

Alimi adzalandira mbande zawo Lolemba. Ndakondwa, ndithu ndakondwa. Kungoti nkhope yanga sinauzidwe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Makope afika m'mawa ndi wa kabaza yemwe uja, ndipo bwana akufuna mndandanda wotayipa lole isananyamuke. Wotayipa ndine.

Mayi NyaGondwe amalemba bwino, zilembo zopendekera za ku mishoni. Koma a Gondwe alipo tsamba ndi tsamba, ndipo John Gondwe ndamupeza kasanu. Ndawaimbira. Akuti ndi anthu asanu osiyana, amawasiyanitsa ndi mtundu wa bolopeni.

A Mhango atumiza uthenga: laputopu yawo ikuchedwa, ndiye mwana wa mlongo wawo wachotsamo «kanthu kena kamene kamadzitsegula kokha masana.» Akuti tsopano ikuthamanga bwino.

Ndili pa kope lachitatu. Msana ukuwawa. Bwana aimba posachedwapa, osati kudzafunsa za msanawo. Aganiza kuti alangizi onse azikhala ndi makope ngati a mayi NyaGondwe, ndipo popeza nkhani yosunga mafayilo ndi yanga, wokagula ndi kugawa ndine.

Za mawa:
makope achikuto cholimba;
mabolopeni, ofiira, akuda ndi abuluu;
rula;
majumbo apulasitiki, mvula ikadalipo.

Ndinaphunzira za makompyuta zaka zinayi.