Mtendere Munandipezera Pasinki

Wolemekezeka a Pulofesa, Mkulu wa Kafukufuku wa za Maganizo,

Ndagwada, bwana, kuthokoza. Chitulutsireni zotsatira zanu zoti amuna otsuka mbale ali ndi mtendere wamumtima kuposa osatsuka, mayi akunyumba anadula nkhaniyo m'nyuzipepala n'kuimata pamwamba pa sinki. Tsopano mtenderewo ndimaupeza m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka zala zachita makwinya. Ine ndi mmodzi mwa amuna munawafunsa aja, choncho ndiloleni ndiyamikire luso lanu.

Choyamba, funso lenilenilo. Ophunzira anu anatifunsa kuti tili bwanji, ife n'kuyankha kuti tili bwino, kaya iwo. Nanga munthu woleredwa n'kuyankha chiyani? Malume anga anayankhapo chimodzimodzi ali pa diripi. Ophunzira anuwo ankangochonga kuti "wosangalala kwambiri".

Chachiwiri, kumapeto kwa lipoti lanu, m'tizilembo tonga nyerere, mwavomera kuti masamu munagwiritsa ntchitowo amafuna mayankho oumbika ngati chulu: ambiri pakati, ochepa m'mbali. Athu onse anaunjikana mbali imodzi. Akuti kompyuta inachenjeza, inu n'kuiuza kuti isalowerere za akuluakulu. Kulimba mtima kotere n'kosowa masiku ano.

Chachitatu, masamuwo amafunanso kuti aliyense ayankhe payekha. Ife otsuka tinayankha akazi athu atakhala pambali, chigongono chitaloza nthiti.

Nanga gulu la osatsuka lija? Munangopeza atatu, ndipo mmodzi anali mlamu wanga, tsikulo dzino likumuwawa. Ndi yekhayo amene ananena zoona, n'kutsitsa malikisi a gulu lonse. Dzino limodzi latsukitsa mbale amuna onse amumsewu mwathu, moti amunawo sakundipatsanso moni.

Kutsuka sindikukana, bwana, mbalezo ndimadyeramo ndine. Chikundiwawa n'chakuti kale ndinkatsuka ndikung'ung'udza, mtima n'kupepuka. Lero ndikangoti pakamwa yasa, mayi amaloza chipepala chija, ati sayansi yanena kuti ndikusangalala. Mwandilanda ufulu wodandaula m'khitchini mwanga momwe.

Kapempho kanga n'kamodzi. Ndamva kuti kwanu amatsuka ndi wantchito, ndipo zandimvetsa chisoni kuti mankhwala munatulukira nokha mukudzimana. Loweruka kwathu kubwera alendo. Bwerani, mapoto ndi siponji ndakusungirani. Mukamaliza ndidzakufunsani kuti muli bwanji, amayi anu akunyumba atakhala pambali.

Ine wanu wosangalala mwa masamu,
Bambo wa Pasinki