Lenzi imene inagwira wakuba nandolo ku Jenala

Amene akuona kuti ine Namakhwa ndine wabodza anyamuke pompano, benchi ipume, chifukwa ndatopa ndi anthu ogwedeza mutu pamaso panga kenako n'kukaseka kuseri kwa chigayo. Zimene mumanena ndimazidziwa. Mumati akazi anga anandipirikitsa ku Jenala chifukwa cha ulesi, n'chifukwa chake munthu wa imvi ngati ine ndikugona m'khitchini mwa achemwali anga. Bodza lenileni. Chimene chinandichotsa pa ukamwini wa zaka makumi atatu ndi ichi chili m'chikwamamu, ndipo inu a chipewa chofiira bwezani dzanjalo, ndakuonani kalekale.

Iyi ndi lenzi, diso la kamera. Anandibweretsera mphwanga wa ku Joni ataona kuti ndajambula maukwati a Phalombe yense ndi kamera yotopa. Ukaifupikitsa imameza mpingo wonse pa chithunzi chimodzi, ndi njinga zawo zomwe. Ukaipotokola imasolola khosi ngati kamba, n'kukoka zakutali kubwera nazo pamphuno pako. Fumbi la mu Okutobala sililowamo. Mvula imachita kuiopa. Inandigwerapo ndi kamera yomwe mu mtsinje wa Phalombe madzi atasefukira, inagona pansi masiku atatu, nditaivuula inali youma gwa, ndipo m'kamera ndinapezamo chithunzi cha milamba khumi ndi iwiri itandanda bwinobwino, waukulu ali pakati, ngati akwaya. Mukumva? Tsiku lina ndili pa Migowi ndinakoka msodzi ali pa nyanja ya Chilwa, ndinakoka mopyola muyeso, moti fungo la matemba linatulukira m'kameramo, amphaka a msika wonse n'kunditsata mpaka kunyumba. Amene sakukhulupirira akafunse amphakawo.

Tsono chaka chimenecho nandolo anabereka m'munda mwathu, nthambi mpaka kugwada. Atangoyamba kukhwima ndinaona kuti pali wina amene akutithandiza kukolola. Sankasesa munda wonse ayi, wakubayo anali wochenjera: apa pang'ono, apo pang'ono, Lachiwiri lililonse ndi Lachisanu, osaphonya. Chakudya chinasiya kundikomera. Ndinayamba kukayikira a Muhiwa, okonza njinga oyandikana nafe, chifukwa munthu amene amakupatsa moni kawiri m'mawa umodzi ali ndi chimene akubisa. Kenako aphunzitsi ena ochokera ku Dowa, amene analibe munda koma ankangonenepa. Mbuzi za abusa nazonso ndinaziyasamulitsa imodziimodzi kuyang'ana makoko m'mano. Nditawauza akazi anga, mayi a Esitere, iwo anangoti ndizisiye, nandolo ndi wambiri, wothyola pang'onoyo mwina ali ndi njala. Yankho limenelo silinandisangalatse. Ndinayamba kuganiza kuti wakubayo akumudziwa ndipo akumuikira kumbuyo, ndipo mkazi akamaikira munthu kumbuyo, mwamuna wanzeru amadzifunsa kuti munthuyo ndi ndani wake. Mtima unandiwawa, sindikubisirani.

Kubisala m'munda sikunathandize, chifukwa ndikakhala pakhomo wakubayo sankabwera, wina ankamutsina khutu. Ndiye Lachisanu lina ndinalengeza mokweza, kuti a Muhiwa amve, kuti ndikupita kutali kukajambula chinkhoswe, ndinakwera njinga kulunjika kuphiri la Mulanje, ndinaisungitsa kwa amayi otola nkhuni m'munsi, n'kuyamba kukwera chiperoni chitatseka, mvula yamawawa ija yolowa mpaka m'mafupa, mphepo ikundivula jekete n'kundivekanso mabatani ali kumsana, matalala aakulu ngati mazira a bakha akugwera pa lenzi n'kusweka okha, ine osaiphimba ngakhale ndi kansanza, mpaka ndinafika pa mwala umene anyani amabwererapo chifukwa cha chizungulire. Mukumva? Pansi sipankaoneka kanthu, chigwa chonse chili mbuu. Ndinaloza ku Jenala, ndinapotokola kamodzi, nkhungu inang'ambika pakati n'kupatuka uku ndi uku kundisiyira njira. Ndinapotokola kachiwiri, denga la tchalitchi chathu linabwera mwaliwiro moti ndinawerama kuti lisandigunde, ndipo mpaka lero tchalitchicho chinasendera mapazi awiri chakuphiri, okalamba amene amapemphera kumeneko akuuzani kuti ulendo unatalika. Kachitatu, munda wathu uwu uli pamphuno panga, ndikuwerenga nsabwe za pa masamba a nandolo, ina ikuyasamula.

Wakuba uja anali momwemo, atafunda thumba la feteleza kumutu chifukwa cha mvula, dengu lili pambali, akuthyola mosapupuluma. Ndinadina, ndinadinanso, ndinamutsata ndi lenzi akutuluka m'munda, akuwoloka dambo madzi akumulekeza m'maondo, akulowa m'mudzi wina kutsidya, ine ndikungodina mpaka chala chinachita dzanzi. Nkhope sindinaione, apo ndinene zoona. Maso anga anali atadzaza misozi, ndipo magalasi anga mphepo inali itapita nawo ku Mozambiki, kumene ndikumva kuti abale a agogo anga akuwerengera Baibulo mpaka pano. Koma lenzi inaona zonse.

M'mawa mwake ndinapita ku situdiyo pa boma. Mayi amene amatsuka zithunzi pamenepo ndagwira naye ntchito zaka zambiri, a kwathu onse amawadziwa. Ndinamuuza kuti asankhe ziwiri zimene nkhope ikuoneka bwino, azikulitse, azimatire mu envulopu ine osaziona, chifukwa anthu a masiku ano akagwidwa amati chithunzi chachita kukonzedwa pa kompyuta. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kawiri konse ngati sindikufuna kusuzumiramo kaye ndisanakaonetse anthu. Ndinadziwa pompo kuti nayenso ali kumbali ya a Muhiwa, ndipo ndinalanda envulopu yanga n'kuibisa m'malaya.

Lamulungu titaweruka ku mapemphero ndinaitana anthu pakhomo pa a Mukhova, atsibweni a akazi anga, amene ali eni mbumba pamudzipo. A Muhiwa ndinawakhazika kutsogolo kuti asathawe. Aphunzitsi aja anabwera, akuluampingo anabwera, amayi a mvano akadali mu yunifolomu. Mayi a Esitere anandikoka malaya, n'kundinong'oneza kuti tilowe kaye m'nyumba tikambirane awiri. Ndinawakankha dzanja, mumtima ndikuti ayamba kunjenjemera chifukwa cha munthu wawo uja. Ndinayankhula nthawi yaitali, anthu inu, mawu okoma, ndipo ndinamaliza ndi kuti amene wanyozetsa banja lino pa nkhani ya mundawu, kaya ndi ndani, amange katundu wake dzuwa lisanalowe. Ndinawafunsa onse ngati akuvomereza. Anavomera. Ndinapereka envulopu kwa a Mukhova kuti aing'ambe okha.

Chithunzi choyamba chinali cha mayi a Esitere. Palibe wojambula m'dziko muno amene anatulutsapo nkhope yoyera choncho: dontho lililonse la mvula pa nsidze, kachipsera ka pachibwano, ngakhale dzina la feteleza pa thumba lija linkawerengeka. Chachiwiri, mayi omwewo atagwada pakhonde la achemwali anga a Felesiya, m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, akuwasendera nandolo m'mbale. Achemwali angawo anali chigonere chifukwa cha miyendo yotupa, chaka chimenecho sanalime, ndipo ine ndinali nditatha miyezi inayi osapondako, maukwati atandichulukira.

A Mukhova anayang'ana zithunzizo, anazitembenuza, anaziyang'ananso, kenako anandifunsa mofatsa.

"Akamwini, tikumbutseni. Tsiku limene munabwera kudzakwatira kuno, munda uja munaumanga pa kaliyala ya njinga?"

Ndinati ayi. Anafunsanso ngati kwathu munthu amaba m'munda umene anamusiyira mayi ake omubereka. Pamenepo mayi a Esitere anaimirira, osalira, osakweza mawu.

"Ndinkabisa kuti anthu asadziwe kuti achemwali anu akudyetsedwa ndi mlamu wawo inu muli moyo. Ndinkakusungirani ulemu, bambo a Esitere. Mwawaonetsa nokha, ndi pepala lalikulu."

Palibe amene anandimenya kapena kunditukwana. Chigamulo ndinali nditapereka ndekha, anthu atavomera, a Mukhova anangoikapo dzina. Dzuwa lisanalowe katundu wanga anali pa njinga: bulangete, thalauza ziwiri ndi chikwama ichi. Tayala lakumbuyo linali litaphwa, ndipo amene anandipopera ndi a Muhiwa, akunditsanzika kawiri. Mpaka lero sindinamvetse kuti ankasangalala ndi chiyani.

Ndiye musamati ulesi. Ndinachoka chifukwa lenzi yanga siinama, ndipo ndikubwereza, palibe ina yofanana nayo kuyambira ku Chiringa mpaka ku Zomba. Achemwali anga anachira, ino ndi mvula yachiwiri ndikuwalimira ndi kuwatungira madzi. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chulu. Masana aliwonse ndimakwera pamenepo, kaya kuli fumbi kaya mvula ikukhuthuka, ndimaloza ku Jenala n'kupotokola mpaka pamapeto, ndipo mayi a Esitere amabwera pafupi penipeni, akupeta pakhonde, akuyanika zovala, ndimawerenga imvi zimene zawonjezeka, ndimamva ndi kupuma kwawo komwe, ndimawapatsa moni, ndimawapepesa ndi mawu onse amene anandithawa tsiku lija. Ndimawasowa, nanga ndibisirenji. Ndipo wina asayerekeze kunena kuti lenziyi yafooka, imakoka mpaka imatentha m'manja. Kungoti ndikachotsa diso pa kamera, mayiwo amakhala ali ku Jenala komweko, sanasendere ngakhale phazi limodzi.