Kwa Opanga Batani Limene Latsekera Apongozi Anga M'khitchini

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Dinani Timange,
eni pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani a nyumba.

Wolemekezeka Bwana,

Chipewa ndavula, maondo ali pansi. Ine ndine dalaivala wopuma pantchito, mbuli pa za makompyuta, koma mtima wandikakamiza kuti ndikuthokozeni poyera chifukwa cha nyumba imene nzeru zanu zatipatsa.

Mlamu wanga, mchimwene wa mayi a kunyumba, ndi wojambula mapulani. Ndinamupempha kanyumba kokalambiramo: zipinda zogona, pabalaza, khitchini, basi. Anajambula bwinobwino. Koma tsiku lomwelo pulogalamu yanu inali italandira zatsopano, ndipo pakona panatulukira batani lobiriwira lolembedwa kuti "Konza Zonse". Mlamu anati, "Alamu, batani ili limaganiza kuposa inu ndi ine kutiphatikiza." Anadina. Panatuluka chithunzi cha nyumba yokongola moti mayi a kunyumba anawomba m'manja. Amisiri ataona pulaniyo anakanda m'mutu, koma mlamu anawauza kuti makina salakwa, ndiye anamanga monga munalamulira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha khomo. Pulogalamu inazindikira kuti mpweya wabwino umakhala m'mwamba, choncho chitseko cholowera inachiika pamwamba pa zenera. Timalowa ndi makwerero. Akuba atileka, ngakhalenso abale ongobwera nthawi ya chakudya. Abusa atabwera kudzadalitsa nyumba anapemphera ali pabwalo, khosi lili chagada, ndipo akuti chiyambire utumiki sanapempherepo moloza kumwamba chonchija.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kuwala. Makina anu anapeza kuti m'nyumba zambiri chimbudzi ndicho chimakhala chamdima, ndiye anachisamutsira pakati pa balaza nkuchizinga ndi magalasi. Tsopano wina akalowamo, enafe timayang'ana kudenga nkuyambitsa nyimbo. Banja lathu silinaimbepo pamodzi chonchi. Mwana wanga wamkazi anabwera ndi mnyamata womufunsira, waulemu wake, ndipo tinamuthirira tiyi mobwereza. Anapirira mwana wa eni, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana magalasi aja nkuyang'ana ine. Kenako anatsika makwerero osatsanzika, ndipo mpaka lero foni yake siikupezeka. Mwatithandiza kudziwa kuti sanali wolimba mtima.

Za masitepe sindichulutsa mawu. Ndi okongola, amakhota ngati nkhono, ndipo amathera padenga, poti nyumbayi ilibe chipinda cham'mwamba. Mlamu akuti zipinda zam'mwamba zidzabwera ndi pulogalamu ya chaka chamawa. Ndimakwera m'mawa kukaona ngati zafika. Chipumi changa ndicho mboni.

Koma nkhani yandilembetsa kalatayi, Bwana, ndi ya apongozi anga.

Pachithunzi chija panali anthu owonda ngati bango, akumwetulira, makapu ali m'manja. Ife tinkayesa ndi zokongoletsa chabe. Sitinadziwe kuti kanjira kopita kukhitchini kanayezedwa potengera matupi awo. Tsono apongozi anga ndi mayi amene Mulungu sanawamane thupi. Atabwera kudzaona nyumba ya mwana wawo, tinawakweza pamakwerero mothandizana ndi aneba. Atangopuma pang'ono anati akufuna kuona khitchini, chifukwa nyumba ya mkazi ndi khitchini. Anatulutsa mpweya wonse, analowa chammbali, ife tikukankha, mpaka anatulukira kutsidya. Kumeneko anadya pang'ono kuti mtima ukhale m'malo. Kubwerera kunakanika.

Tinayesa sopo. Tinayesa mafuta ophikira. Aneba anakoka ndi chingwe mpaka chinaduka. Mwezi uja unatha, wina waoneka, apongozi akadali momwemo. Tinawalowetsera matiresi titawapinda, ndipo za ndowa sindinena m'kalata yaulemu ngati ino. Chovuta nchakuti chakudya chonse chili kumene ali iwoko, ndipo amatigawira malinga ndi mmene adzukira. Iwo akunenepera, ife tikuwonda, moti tayamba kufanana ndi anthu a pachithunzi chanu. Kumwetulira kokha ndiko kukutikanika.

Ndinaganiza zogumula khoma. Mlamu anabwera ndi kompyuta kudzafunsa pulogalamu, ndipo inayankha kuti khoma limenelo ndilo lasenza denga lonse. M'malo mwake inalangiza kuti "chinthu chotsekereza njira chichepetsedwe". Mlamu, mwa uchitsiru wake, anawerenga mawuwo mokweza, mayi ake omubereka akumva. Chiwaya chinauluka kuchokera kukhitchini, nkudutsa kanjira konse osakhudza khoma, mpaka chinamupeza pakhutu. Apa ndiyenera kuvomereza kuti kwa ziwaya kanjirako munakayeza mwaluso. Chichokereni tsiku limenelo mlamu sanapondenso kuno.

Tsopano mlandu wonse wagwera ine. Apongozi amafuula m'mawa ndi masana kuti ndinachita dala, ndinawatchera msampha ngati mbewa. Ndikamadutsa pafupi amandiitana "bambo a ndende". Mayi a kunyumba nawo andiuza maso ali gwa kuti amayi awo akapanda kutuluka, iwonso alowa konko, ndipo ine ndiziona chochita ndi masitepe anga. Bwana, mkaziyu ndakalamba naye. Anandipirira pa zaka zonse za pamsewu, ndipo sindinkadziwa kuti chodzatilekanitsa chidzakhala batani.

Pempho langa ndi laling'ono. Musatitumizire zatsopano zina, zomwe tili nazozi zatikwana. Ndikupempha kuti mubwere inuyo mwini, mudzaone zipatso za ntchito yanu. Mukafika pakanjira kaja mudzatulutse mpweya, mudzalowe chammbali, ife tidzakukankhani mwaulemu wonse woyenera udindo wanu. Apongozi akufuna muwafotokozere pamasom'pamaso kuti "chinthu" ndi ndani, ndipo akufuna kumva kuti mukuti achepetsedwe kuyambira mbali iti. Musadere nkhawa za nthawi. Iwo sapita kulikonse, ndipo mukangolawa chakudya chawo, inunso simudzapita.

Ine wanu wowonda ndi kuthokoza,

Dalaivala wopuma,
mkamwini wa mayi a m'khitchini.